Funsani Malume: Bambo akunyumba akufuna kugula mfuti

Malume,

Ndine mayi wa ana atatu, tikukhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America. Ine ndimagwira ntchito yausiku kunyumba yosamalirako okalamba, ndiye bambo akunyumba ndi amene amagona ndi ana. Mwezi watha akuba anaswa galasi la galimoto yathu pakhomo penipeni, ndipo chiyambire pamenepo bambo tulo sakutiona. Akuti agule mfuti. Tsiku ndi tsiku akumanditumizira makanema pa WhatsApp a anthu amene anawombera mbava n'kupulumutsa mabanja awo. Akuti atolankhani amabisa dala nkhani zotere chifukwa amadana ndi mfuti, amangofuula wina akapha anthu osalakwa. Mwana wathu woyamba ndi mnyamata wa zaka 15, womaliza ali ndi zaka 4. Mtima wanga ukukana, koma ndikusowa chowayankha. Kodi n'zoona kuti amabisa? Nanga ndivomere?

Mayi wa ana atatu, South Bend

Mayi,

Ndiyambe ndi kuwaikirako kumbuyo bambowo, chifukwa wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inu usiku mumakhala muli kuntchito. Amene amamva kakuti khwaa panja, ana atatu ali m'tulo, ndi iwowo. Mantha awo musawapeputse, ndipo nkhani zimene akukutumiziranizo zambiri si zopeka.

Imodzi inachitika m'chigawo chanu chomwecho. Pa 17 July 2022, mnyamata wa zaka 20 anatuluka m'chimbudzi cha Greenwood Park Mall, malo a sitolo zikuluzikulu kumwera kwa Indianapolis, n'kuyamba kuwombera anthu amene ankadya. Anapha atatu. Elisjsha Dicken, wa zaka 22, anali pamenepo ndi chibwenzi chake, mfuti yaing'ono ili m'chiuno. Anawombera kakhumi ali pamtunda wa mamita oposa 30, zipolopolo 8 zinamupeza wachiwembuyo, ndipo zonse zinatha m'masekondi 15. Sanaimbidwe mlandu, apolisi anamuyamikira poyera. Ine ndikamva nkhani imeneyi ndimaganiza za ana amene anabwerera kwawo amoyo madzulo amenewo, ndipo sindingayerekeze kumunyoza mnyamata uja. Chimodzimodzi Jack Wilson, bambo wachikulire amene mu December 2019 anagwetsa munthu yemwe anayamba kuwombera anthu m'tchalitchi ku White Settlement, Texas, pasanathe masekondi 10.

Koma taonani, mayi. Nkhani ziwirizi ndinazidziwa ndili kuno kumudzi, ndipo ndinaziwerenga m'manyuzipepala akuluakulu omwewo amene akunenedwa kuti amabisa. Ndiye mawu oti "kubisa" ndikuwakana. Chimene ndikuvomereza n'chakuti nkhani yotere imafa msanga. Ndakhala zaka zambiri m'chipinda cholemberamo nkhani komanso pabenchi ya atolankhani kukhoti, ndipo ndikudziwa mmene mkonzi amaganizira. Munthu akatulutsa mfuti, wakuba n'kuthawa, palibe mtembo, palibe womangidwa, palibe mlandu woti tiziulondola mawa ndi mkuja. Nthawi zambiri ngakhale apolisi samva. Mwininyumba akapha wakuba, woimira boma pamilandu n'kunena kuti palibe mlandu, nkhaniyo imatuluka tsiku limodzi m'nyuzipepala ya m'tauni momwemo basi. Pamene ana 20 ndi akuluakulu 6 akaphedwa pasukulu, monga zinachitikira ku Sandy Hook mu December 2012, pali maliro, pali makolo, pali aphungu okangana, nkhani imayenda miyezi. N'zoonanso kuti atolankhani ambiri a m'mizinda ikuluikulu ya ku America sanakulire m'nyumba zosunga mfuti, ndipo zimenezi zimaonekera m'kalembedwe kawo. Bambo akanena zimenezo, avomereni.

Kenako muwafunse funso ili: makanema amene akulandirawo akuwasankha ndani? Nayenso ndi mkonzi, ndipo naye ali ndi zimene amasiya. Bungwe la eni mfuti la NRA lakhala zaka zambiri likusindikiza m'magazini ake tsamba la nkhani za anthu odziteteza ndi mfuti zokhazokha. Patsamba lotero mumalowa nkhani zimene zinatha bwino. Nkhani ngati ya Johnny Hurley siyenda kwambiri pa WhatsApp. Mu June 2021 ku Arvada, Colorado, munthu wina anapha wapolisi n'cholinga chopha enanso. Hurley anathamangira komweko ndi mfuti yake n'kumupha wachiwembuyo. Anachita ndendende zimene anachita Dicken. Ndiye anatola mfuti ya wachiwembuyo, wapolisi wina amene ankafika anamuona ali nayo m'manja, n'kumuwombera. Hurley anamwalira. Ndipo poti ndikulankhula ndi banja la anthu akuda, sindibisa za Emantic Bradford, mnyamata wa zaka 21 amene apolisi anamupha mu November 2018 ku Hoover, Alabama, atamuona ali ndi mfuti yake pamene wina anawombera m'sitolo zikuluzikulu. Poyamba apolisi analengeza kuti apha chigawengacho. Kenako anabweza mawu.

Pamanambala ndiye pali mkangano umene sunathe mpaka lero. M'kafukufuku amene anasindikizidwa mu 1995, akatswiri awiri, Gary Kleck ndi Marc Gertz, anaimbira foni anthu pafupifupi 5,000 n'kuwerengera kuti ku America anthu amadziteteza ndi mfuti ka 2.5 miliyoni pachaka. Kafukufuku wa boma amene amafunsa anthu ochitiridwa zaupandu amapeza pafupifupi 100,000 kapena kucheperapo. Okonda mfuti amanyamula nambala yoyamba, odana nazo yachiwiri. Ine ndimadalira kwambiri kuwerenga mitembo, chifukwa mtembo suonjezera nkhani. Mu 2019 bungwe la boma lofufuza milandu la FBI linalemba anthu 386 amene anaphedwa ndi anthu wamba mwa njira yovomerezeka ndi lamulo, kutanthauza kuti wophedwayo anali mkati mopalamula mlandu waukulu. Si maofesi onse a polisi amene amatumiza malipoti, ndiye tinene kuti nambala yeniyeni ndi yokulirapo. Ngakhale mutaichulukitsa kangapo, iikeni pambali pa iyi: mu 2021 anthu 48,830 anafa ndi mfuti ku America, ndipo oposa theka mwa iwo, anthu opitirira 26,000, anadzipha okha.

Nambala yomalizayi ndi imene atolankhani amaisiyadi, mayi, ndipo amaisiya onse, a mbali iyi ndi a mbali iyo. Munthu wodzipha m'chipinda chake satuluka pa CNN, satulukanso pa Fox News. Muli ndi mnyamata wa zaka 15 m'nyumba, amene akukulira m'dziko lachilendo, ndipo pausinkhu umenewo mtima umatha kuda bii madzulo amodzi chifukwa cha mtsikana kapena mayeso, m'mawa n'kuyera. Njira zina zodzivulazira zimasiya mpata woti munthu amupeze n'kuthamangira naye kuchipatala. Mfuti mpata umenewo siisiya. Kuyambira 2020 mfuti ndi imene yakhala ikupha ana ndi achinyamata a zaka 1 mpaka 19 ku America kuposa ngozi zapamsewu. Za wa zaka 4 uja sindichita kukuuzani, mukudziwa nokha kuti palibe kabati imene sanatsegule.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira. Kalekale tikukhala ku Chilomoni, achifwamba anathyola nyumba ya aneba athu, n'kuwatema bambo wa m'nyumbamo pamkono. Magazi tinawaona tokha pakhonde m'mawa. Kuyambira tsiku limenelo ndinkagona ndi chikwanje pansi pa bedi, chonolanola. Patatha sabata ziwiri, cha m'ma 1 koloko usiku, ndinamva zenera lakukhitchini likugwedezeka. Magetsi anali atazima. Ndinanyamuka osavala nsapato, simenti ikuzizira kumapazi, n'kukaima kuseri kwa chitseko chapakati, chikwanje chili m'mwamba. Ndinamva mbale ikugwa, kenako munthu akupuma mbali inayo ya chitseko. Mkamwa munali mutauma moti mawu sakanatuluka. M'mutu mwanga munalibe kukaika ngakhale pang'ono: anthu aja abwera. Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono, ndipo chimene chinagwira dzanja langa ndi fungo la sopo amene tinkasambira tonse m'nyumbamo. Kenako kamawu: "Malume, ndine." Anali mwana wa mchemwali wanga amene tinkakhala naye, wa Fomu 3. Anazemba kupita kokaonera kanema, ndipo ankaopa kugogoda.

Chikwanje chimafuna kuti munthu akuyandikire mpaka umve fungo lake. Ndikanakhala ndi mfuti usiku umenewo, ndikanawombera chitseko chisanatseguke, ndipo ndikanalumbira kukhoti ndi mtima wonse kuti ndinkateteza banja langa. Mnyamata uja lero ndi mphunzitsi, ali ndi ana ake awiri. Ndikamuona pamaliro kapena paukwati, mkono wanga wamanja umakumbukirabe.

Musaganize kuti izi zimagwera anthu opusa okha. Mu 2004 ku South Africa, Rudi Visagie, amene anasewerapo rugby mu timu ya dzikolo, anamva galimoto ya mwana wake ikutuluka pabwalo m'bandakucha. Anawombera poganiza kuti ikubedwa. Woyendetsa anali mwana wake wamkazi wa zaka 19, ndipo anamwalira.

Tsopano za lamulo la kumene muliko. Ufulu wokhala ndi mfuti unalembedwa m'malamulo aakulu a dziko la America mu 1791, ndipo mu 2008, pamlandu wa Heller, khoti lalikulu la Supreme linagamula kuti ndi ufulu wa munthu payekha kusunga mfuti m'nyumba yodzitetezera. Ku Indiana kuyambira pa 1 July 2022 munthu wololedwa kukhala ndi mfuti safunikanso chiphaso kuti ayende nayo. Chigawochi chilinso m'gulu la zigawo zimene lamulo lake silikakamiza munthu kuthawa kaye asanadziteteze. Koma ufulu umenewu sufika kwa aliyense wopondapo. Lamulo la dziko lonse limaletsa munthu amene alibe mapepala kukhala ndi mfuti, ndipo limaletsanso ambiri okhala pa viza yongoyembekezera, monga ya sukulu kapena ya alendo, kupatula pazifukwa zochepa. Wokhala ndi green card (chilolezo chokhazikika m'dzikolo) kapena unzika ndiye amaloledwa. Simunandiuze za mapepala anu, ndipo musandiuze, koma bambo asanaponde m'sitolo ya mfuti akaonane ndi loya wodziwa za anthu obwera. Kulakwitsa pamenepa kungathetse zonse zimene mwavutikira zaka zonsezi.

Chinanso chimene makanema aja sakuwauza bambo: galasi la galimoto si chifukwa chophera munthu. Lamulo limayang'ana ngati panali chiopsezo chenicheni cha imfa kapena kuvulala koopsa, kapena ngati munthu akuthyola nyumba yanu. Kutuluka panja n'kuwombera mnyamata amene akuthawa ndi wailesi ya m'galimoto, ndi njira yopitira kundende.

Ndipo mawu oti "anapha podziteteza" sanenedwa ndi wowomberayo ayi, amanenedwa ndi anthu ena pambuyo pake, wina mwa awiriwo atagona kale m'manda osatha kufotokoza mbali yake. Mu February 2012 ku Sanford, Florida, George Zimmerman anapha Trayvon Martin, mnyamata wa zaka 17 amene ankachokera kusitolo atagula maswiti ndi chakumwa. Apolisi anamusiya Zimmerman kwa masabata pafupifupi 6, mpaka phokoso la anthu ndi atolankhani litakula. Atolankhani nawo analakwitsa pamenepo: a NBC anadula mawu a foni imene Zimmerman anaimbira apolisi mwa njira yomuipitsa, ndipo anapepesa. Mu July 2013 khoti linamumasula. Mu February 2020 ku Georgia, Ahmaud Arbery anaphedwa akuthamanga mumsewu, ndipo woimira boma wina wakumeneko analemba kuti omuphawo sanalakwe. Kanema atatuluka mu May m'pamene anamangidwa, ndipo mu November 2021 onse atatu anapezeka olakwa pamlandu wakupha. Atolankhani akanangolandira mawu oyamba aja n'kukhala chete, lero nkhani ya Arbery bwenzi ikuwerengedwa m'gulu la kupha kovomerezeka. N'chifukwa chake ine mtolankhani amene amachedwa kutchula munthu kuti ngwazi sindimuda. Amakhala akudikira kuti amve za amene wafayo.

Mwandifunsa ngati muvomere. Ine, pa nyumba imene muli mnyamata wa zaka 15 ndi kamwana ka zaka 4, pa chifukwa cha galasi la galimoto, ndipo wogulayo ali munthu amene mwezi wathunthu sakugona bwino, ndikuti ayi, asagule pakali pano. Ndalama imeneyo igule magetsi oyaka okha munthu akadutsa panja, kamera yapakhomo, ndi maloko olimba. Nkhanga zinapangana kusanapse: khalani pansi nonse, mugwirizane chipinda chimene ana azithawiramo, amene aziimba 911 kuitana apolisi, ndiponso kuti aliyense wofika usiku azitchula dzina lake asanakhudze chitseko. Inuyo makamaka, poti tsiku lina mudzaweruka msanga kuntchito n'kufika 3 koloko m'bandakucha bambo asakukuyembekezerani.

Pakapita miyezi bambo akadali pomwepo, ndipo mapepala akuwalola, musangowakaniza chifukwa adzagula mobisa, zimene zili zoopsa kuposa. Muwauze kuti ayambe apita kukaphunzira kwa mlangizi wovomerezeka, inu mupite nawo. Bokosi lachitsulo lokhoma lifike m'nyumba mfuti isanafike, ndipo ana asadziwe nambala yake. Akamwako mowa asaikhudze. Ndipo tsiku limene m'nyumbamo mudzakhale mkangano waukulu, kapena wina adzaoneke wosweka mtima, mfutiyo ichoke ikasungidwe kwina. Akakana chimodzi mwa zimenezi, itanani ankhoswe, ngakhale pa foni.

*

Malume,

Ndimagwira ntchito m'shopu ku Johannesburg, ndipo atiberapo kawiri ndi mfuti. Mnzanga akuti atha kundipezera yotchipa. Komanso ndikumanga kanyumba kwathu. Funso langa ndi lakuti, wakuba akalowa m'nyumba mwanga ine n'kumupha, kuno kapena kumudzi, ndili ndi mlandu?

Mnyamata wa ku Mangochi, Johannesburg

Achimwene,

Pepani ndi zimene mwakumana nazo. Kuloza munthu ndi mfuti kamodzi kokha kumamusiya akunjenjemera chaka chathunthu, nanji kawiri.

Ya mnzanuyo ikaneni lero lomwe. Ku South Africa lamulo la mfuti la mu 2000 limafuna kuti munthu akhale ndi zaka 21, akhale nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika, aphunzire n'kulandira satifiketi, kenako apemphe laisensi kupolisi. Kupezeka ndi mfuti yopanda laisensi kungakugonetseni kundende mpaka zaka 15. Ndipo mfuti yotchipa ya m'makwalala simudziwa kuti inapha ndani dzana. Apolisi akaiyeza, milandu yake yonse idzafunsidwa kwa inu.

Pa funso lanu lenileni, malamulo a kumeneko ndi a kwathu sasiyana kwambiri pamutu wake. Mumaloledwa kudziteteza, ngakhale mpaka kupha, ngati munthu wakuukirani kapena watsala pang'ono kutero, moyo wanu kapena wa wina uli pachiswe, ndipo mphamvu imene mwagwiritsa ntchito ikulingana ndi chiopsezocho. Katundu payekha salipidwa ndi moyo wa munthu. Wakuba akatembenuka n'kuyamba kuthawa, kudziteteza kwathera pomwepo.

Mlandu wa Oscar Pistorius, katswiri wothamanga wa ku South Africa, mukuudziwa. Pa 14 February 2013 anawombera kanayi chitseko cha chimbudzi m'nyumba mwake ku Pretoria, n'kupha chibwenzi chake Reeva Steenkamp, iye n'kumati ankaganiza kuti muli wakuba. Khoti la apilo mu December 2015 linati ngakhale zikanakhala choncho, munthu wowombera kanayi m'kachipinda kopanda pothawira amadziwa kuti amene ali mkatimo atha kufa, ndipo panalibe chimene chinamuukira. Linamupeza wolakwa pamlandu wakupha.

Malamulo athu a milandu yotere tinatengera ku England, ndiye milandu iwiri ya kumeneko ikuthandizani kuona malire. Mu 1999 mlimi Tony Martin wa ku Norfolk anawombera akuba awiri m'nyumba mwake ndi mfuti yopanda laisensi, n'kupha mnyamata wa zaka 16 amene chipolopolo chinamupeza kumsana. Anamangidwa, anatuluka mu 2003. Mu 2018 ku London, Richard Osborn-Brooks, wa zaka 78, anabaya ndi mpeni wakuba amene anamulowera m'khitchini atanyamula sikuludiraiva. Wakubayo anafa. Apolisi anamugwira mkuluyo n'kumufunsa, kenako anamumasula opanda mlandu. Onse awiri anali m'nyumba zawo usiku. Kusiyana kwake n'kwakuti wachiwiriyu munthu anali akubwera kwa iye.

Kumudzi kuno laisensi ya mfuti imachokera kupolisi, ndipo si ya aliyense. Dziwaninso kuti ngakhale mutakhala kuti simunalakwe, pakafa munthu apolisi adzakutengani kaye, ndipo milandu yakupha imazengedwa ku High Court. Ndaonapo ndi maso anga anthu akudikira pa rimandi nthawi yaitali, pomaliza n'kumasulidwa munda utamera tchire, ana atasiya sukulu. Zikadzakugwerani, mudzaitane apolisi ndi amfumu nthawi yomweyo, musadzasunthe kanthu pamalopo, wovulalayo mudzamuthandize kupita kuchipatala, ndipo musadzalole aneba kumumaliza. Gulu likagwira munthu amene wagwa kale n'kumukoleka tayala, pamenepo palibe amene akudziteteza, ngakhale ife atolankhani timalemba mwaulesi kuti "wakuba waphedwa" khoti lisanamuone n'komwe.

Pakanyumba kanuko ikani zitsulo m'mazenera ndi chitseko chachitsulo, muwete galu, ndipo mulowe m'gulu la chitetezo cha m'mudzi. Kushopuko, akadzabweranso, apatseni za mu tilu, manja ali poonekera, maso pansi. Mukambirane ndi abwana anu kuti ndalama zisamagone zambiri m'shopu, azizichotsa masana.